Masipika 6, makutu awiri: n'chifukwa chiyani akumbuyo sakulira?

Funso limene ndimalandira kawirikawiri pa nkhani ya phokoso si la mayeso ayi. Limabwera chonchi: "Aphunzitsi, kunyumba anagula masipika a surround sound, talumikiza ku kompyuta, koma akulira awiri okha." Ena amati onse akulira, koma anthu a mufilimu sakumveka zimene akulankhula, kukungomveka mfuti ndi magalimoto. Ena amati bokosi lalikulu la besi likungolira ngati njuchi zili m'phanga. Zikatere kunyumba kumabuka mlandu. Bambo akuti wogulitsa anatibera, mayi akuti ana aononga, ndipo mapeto ake wina amangokweza voliyumu mpaka malata kunjenjemera, poganiza kuti mwina akumbuyowo adzidzimuka.

Nthawi zambiri palibe chimene chafa, ndipo ndalama sizinalowe m'madzi. Chimene chimachitika n'chakuti phokoso silikupita kumene liyenera kupita, kapena likufika pakhutu pa nthawi yolakwika ndiponso ndi mphamvu yolakwika. Zonsezi ndi mutu wa waves womwe uja mumakumana nawo pokonzekera MSCE, kungoti pano v = fλ yatuluka m'kope, yakhala pabalaza. Ndineneretu: ndikamati phokoso m'nkhani ino sindikunena chisokonezo chimene ahedi amaletsa pakhonde. Ndikunena chilichonse chimene khutu lingamve.

Poyamba, makutu

Masipika onsewo ntchito yawo ndi imodzi: kunamiza makutu anu kuti helikopita ili kumbuyo, pamene kumbuyoko kuli kabati. Ndiye tidziwe kaye mmene makutu amadziwira kumene phokoso likuchokera.

Phokoso limayenda mumpweya pa liwiro la pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kukakhala kutentha kwa madigiri 20. Kukatentha liwirolo limakwera, pafupifupi mamita 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse, moti ku Nsanje mu Okutobala phokoso limathamanga kuposa ku Dedza mu Juni. Nambala yoti musaiwale ndi iyi: pa milisekondi imodzi, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, phokoso limayenda masentimita 34.

Galu akauwa kumanja kwanu, phokosolo limayamba lafika pakhutu lakumanja. Kuti lifike lakumanzere liyenera kuzungulira mutu, ndiye limachedwa. Kuchedwako n'kochepa zedi, sikupitirira mamilisekondi 0.7, koma ubongo umakuyeza bwinobwino inu osadziwa n'komwe. Chinanso, mutu umatchinga. Apa ndi pamene λ = v/f imagwira ntchito. Phokoso lopyapyala la ma hertz 8,000 lili ndi wavelength ya masentimita 4.3 basi, yaifupi kuposa mutu wanu, ndiye mutu umaliphimba ndipo khutu lakutalilo limalimva motsika. Koma besi ya ma hertz 100 ili ndi wavelength ya mamita 3.4. Funde lotere limangozungulira mutu ngati madzi a mumtsinje akuzungulira kamwala, makutu onse awiri n'kumva mofanana. Wasayansi wa ku Britain, Lord Rayleigh, ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1907: phokoso lotsika timalilondola makamaka ndi kusiyana kwa nthawi, lokwera ndi kusiyana kwa mphamvu, ndipo malire ake ali cha m'ma hertz 1,500. Nanga kutsogolo ndi kumbuyo, poti makutu onse amalandira nthawi imodzi? Apo zimathandiza ndi ngodya ndi makwinya a khutu lakunjali, amene amasintha phokoso pang'ono malinga ndi kumene lachokera. Timathandizidwanso ndi kutembenuza mutu.

Ine m'kalasi ndimaonetsa zimenezi ndi paipi yothirira maluwa, ndipo inunso mukhoza kuyesa. Dulani paipi yotalika mita imodzi, lembani chizindikiro pakati penipeni. Mnzanu atsinzine, agwirizire mapeto awiriwo pamakutu, paipiyo idutse kumbuyo kwa mutu wake. Gogodani pang'onopang'ono ndi pensulo, osati mwamphamvu, ndi makutu a munthu amenewo. Mukagogoda masentimita 2 okha kumanja kwa chizindikiro, njira ina imakhala masentimita 48, ina 52. Kusiyana kwa masentimita 4 ndi mamilisekondi 0.12, koma ambiri amaloza kumanja osazengereza. Chida choyezera nthawi mwanjira imeneyi mumayenda nacho tsiku lililonse, ndipo n'chimene masipika akasokonekera chimazindikira msanga kuti china chake sichili bwino.

Kodi 5.1 ndi chiyani?

Luso lonamiza makutu ndi masipika awiri, limene timati stereo, analilembetsa mu 1931 injiniya Alan Blumlein wa kampani ya EMI ku Britain. Mu 1940 a Walt Disney anayesa kuzunguliza phokoso m'holo ndi filimu ya Fantasia. Koma 5.1 imene tikuidziwa lero inatchuka ndi Dolby Digital, imene inayamba kufalikira ndi filimu ya Batman Returns mu 1992, ndi DTS, imene inabwera ndi Jurassic Park mu 1993.

Filimu ya 5.1 imanyamula matchanelo 6, kapena kuti njira 6 za phokoso, iliyonse payokha. Atatu ndi akutsogolo: kumanzere, pakati, kumanja. Awiri ndi am'mbali chakumbuyo. Imene amati ".1" ndi ya besi yokhayokha, ma hertz 120 kutsika m'munsi, ndipo imapita ku bokosi lalikulu lija, subwoofer, limene ambiri amangoti wufa. Amaitcha .1 chifukwa imanyamula kagawo kochepa ka ma frequency amene munthu amamva. Chinthu chimodzi musunge: okonza mafilimu amaika pafupifupi zolankhula zonse mu tchanelo yapakati. Tibwereranso kumeneko.

Yang'anani kumbuyo kwa bokosi

Musanakhudze masetingi alionse, tembenuzani subwoofer kapena ampulifaya muone molowera zingwe. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, koma ndi bwino kudziwa. Masipika ambiri otchipa amene pa katoni analemba 5.1 ali ndi mabowo awiri okha olandirira phokoso, lofiira ndi loyera. Oterowo amalandira matchanelo awiri n'kuwamwaza m'masipika onse. Amalira ndithu, mwinanso mokoma, koma ngakhale mutasintha chiyani pa kompyuta helikopita siidzachoka kutsogolo kupita kumbuyo, chifukwa uthenga wa kumbuyo sunalowe n'komwe. A 5.1 enieni amakhala ndi mabowo olandirira 6, olembedwa ngati FL, FR, SL, SR, CEN ndi SW, kapena mapulagi atatu ang'onoang'ono, kapena HDMI, kapena optical.

Mapulagi atatuwo aliyense amanyamula matchanelo awiri, ndipo mitundu yake ili ndi tanthauzo. Wagirini ndi wa akutsogolo, kumanzere ndi kumanja. Wakuda ndi wa akumbuyo. Waolenji ndi wa sipika yapakati pamodzi ndi subwoofer. Mukaona bowo lotuwa, limenelo ndi la masipika am'mbali a 7.1, lisiyeni. Makompyuta ambiri a padesiki ali ndi mabowo atatu okha, lagirini, labuluu ndi lapinki. Musataye mtima. Pa ambiri mwa iwo pulogalamu yoyendetsa phokoso, imene nthawi zambiri imakhala ya Realtek, imalola kusintha ntchito ya mabowowo: labuluu likhale la akumbuyo, lapinki likhale la pakati ndi subwoofer. Mukalowetsa pulagi imakufunsani chimene mwalowetsa. Yankhani zoona, musangodina OK. Ndipo kankhani pulagi mpaka imveke kuti yalowa yonse. Ikalowa theka, tchanelo imodzi imasowa.

Laputopu ndi nkhani ina. Kabowo kake kamodzi kaja kamatulutsa stereo basi. Kuti mupeze matchanelo 6 pamafunika kabokosi ka phokoso kolowetsa pa USB, kapena HDMI yopita ku ampulifaya imene imailandira. HDMI ilibe vuto, imanyamula matchanelo 8 osapanikiza. Bluetooth yomvetserera nyimbo imanyamula awiri. Chingwe cha optical ndiye chimasokoneza anthu ambiri. Chimanyamula matchanelo awiri okha ngati phokoso lili losapanikiza, ndipo 5.1 imadutsamo pokhapokha itapanikizidwa kale ngati Dolby Digital kapena DTS. N'chifukwa chake pa optical filimu imatha kuzungulira bwinobwino koma gemu n'kumalira kutsogolo kokha: phokoso la gemu limapangidwa nthawi yomweyo, ndipo kompyuta iyenera kukhala ndi Dolby Digital Live kapena DTS Connect kuti ilipanikize.

Uzani Windows kuti muli ndi masipika angati

Kompyuta siona masipika anu. Imangokhulupirira zimene inauzidwa, ndipo ikapanda kuuzidwa imaganiza kuti ndi awiri. Pa Windows 10 kapena 11 dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mmsys.cpl, kenako Enter. Pa Playback sankhani chipangizo chimene masipika alumikizidwako, chikhale Default, kenako dinani Configure. Sankhani 5.1 Surround. Ngati pamndandandapo pali Stereo yokha, ndiye kuti mwina chipangizocho n'cha matchanelo awiri, kapena dalaiva yake yeniyeni sinaikidwe. Ipezeni pa tsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, osati pa masamba achilendo odzaza ndi mabatani a Download.

Batani la Test ndi limene ndimalikonda kwambiri pa zonsezi, chifukwa ndi sayansi yeniyeni: kusintha chinthu chimodzi, n'kuona chotsatira. Pa sikirini pamabwera chithunzi cha masipika 6, ndipo mukadina imodzi iyenera kulira yokhayo. Tengani kope, lembani. Mwadina yakumbuyo kumanzere, yalira iti? Ikalira ina, zingwe zasinthana. Ikapanda kulira, chotsani chingwe chake mulumikize pamalo pa sipika imene mukudziwa kuti ikugwira. Ikalira pamenepo, sipikayo ndi yamoyo ndipo vuto lili kumbuyo kwake, pa pulagi kapena pa masetingi. Ikakhalabe chete, ndi sipikayo kapena waya wake. Osasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, chifukwa zikakonzeka simudzadziwa kuti chakonza n'chiti.

Tsopano za anthu osamveka aja. Ngati Windows mwaiuza 5.1 pamene muli ndi masipika awiri, kapena pulagi yaolenji sinalowe, kompyuta imatumiza zolankhula ku tchanelo yapakati kumene kulibe woilandira. Nyimbo ndi mabomba zimamveka, milomo ikungoyenda. Mankhwala ake ndi kulumikiza yapakatiyo, kapena kubwerera pa Stereo kuti kompyuta igawe zolankhulazo ku masipika awiriwo. Chimodzimodzi mukasankha 7.1 muli ndi masipika 6: gawo lina la phokoso limapita ku bowo lotuwa lopanda kanthu. Pali vuto linanso loseketsa. Pulagi yaolenji ija imanyamula pakati ndi subwoofer, koma makampani sanagwirizane kuti iti ikhale mbali iti. Zikasemphana, mawu a anthu amatuluka mu subwoofer ngati munthu akulankhulira m'mgolo, kasipika kapakati kakuvutika ndi besi. Mu pulogalamu ya Realtek muli kabokosi kolembedwa Swap Center / Subwoofer Output. Chongani, basi.

Ngati pa Test onse 6 alira molondola koma nyimbo zanu zikutulukabe kutsogolo kokha, palibe cholakwika. Nyimbo pafupifupi zonse zimajambulidwa mu stereo, ndipo mavidiyo ambiri a pa YouTube, Facebook ndi TikTok ndi a stereo. Mulibe chopita kumbuyo. Pa VLC mukhoza kutsimikiza: tsegulani filimu, dinani Ctrl ndi J, muone pa Codec. Pakalembedwa Stereo ndi awiri. Pakalembedwa zonga 3F2R/LFE ndiye atatu kutsogolo, awiri kumbuyo ndi besi. Ndipotu ngakhale mufilimu ya 5.1 yeniyeni akumbuyo salira nthawi zonse. Anthu awiri akamacheza m'chipinda, kumbuyo kumangokhala kamphepo kapena nkhululu zapatali. Amene akufuna kuti nyimbo zidzaze chipinda chonse angathe kuyatsa Speaker Fill, imene imakopera zakutsogolo kupita kumbuyo. Pa phwando ndi zabwino. Pomvetsera nyimbo mwachifatse ine sindiyatsa, chifukwa woimba amene anayenera kuima patsogolo panu amangomwazika paliponse.

Tepi yopimira ndi protractor

Pano ndi pamene fizikisi imakoma. Bungwe la International Telecommunication Union linaika muyezo wa kakhalidwe ka masipika a 5.1, wotchedwa BS.775. Yerekezani kuti mwakhala pakati pa bwalo lozungulira. Yapakati ili patsogolo penipeni, pa madigiri 0. Yakumanzere ndi yakumanja zili pa madigiri 30 mbali iliyonse. Akumbuyo ali pakati pa madigiri 100 ndi 120, kutanthauza kuti ali m'mbali mwanu chakumbuyo pang'ono, osati kunkhongo kwenikweni. Onse akhale pa mtunda wofanana kuchokera pamutu panu, akutsogolowo molingana ndi makutu. Popanda protractor, kumbukirani equilateral triangle ya ku masamu: mtunda wa pakati pa masipika awiri akutsogolo ufanane ndi mtunda wochokera pa iliyonse kufika pa inu. Ndimaona m'nyumba zambiri masipika onse asanu atandandalikidwa pashelefu imodzi ngati zithunzi za ukwati. Amaoneka bwino, koma surround yathera pomwepo.

Vuto ndi lakuti nyumba zathu sizinamangidwe mozungulira desiki. Tinene kuti mwakhala pa kompyuta, akutsogolo ali masentimita 80 kuchokera pamutu panu, akumbuyo munawakhomera pakhoma mamita 2.5 kutali. Kusiyana ndi mamita 1.7. Gawani ndi 343, mupeza mamilisekondi 5. Paja ubongo umamva kusiyana kwa 0.12, ndiye 5 ndi nthawi yaitali. Palinso inverse square law: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya phokoso imatsika kanayi, amene ndi ma decibel 6. Akumbuyo athuwa ali kutali kuwirikiza katatu, ndiye pabwalo akanatsika ndi ma decibel pafupifupi 10, ndipo kutsika kotere khutu limakumva ngati theka. M'chipinda makoma amabweza phokoso lina, choncho kutsikako kumachepako, komabe n'kokwanira kuti munene kuti akumbuyo sakulira pamene akulira.

Zikatembenuka ndiye zimaipa kwambiri. Mwakhala pa sofa yotsamira khoma, akumbuyo ali pafupi ndi khutu, akutsogolo ali uko. Ubongo uli ndi lamulo lake: phokoso lofanana likafika kawiri motsatizana kwambiri, umati lachokera kumene layamba kufikira. Zimenezi zimatchedwa precedence effect, ena amati Haas effect potengera Helmut Haas wa ku Germany amene anazifufuza cha m'ma 1949. N'zimene zimakuthandizani kudziwa kumene mphunzitsi waima ngakhale mawu ake akugunda makoma onse a kalasi. Koma pa sofa paja lamulo lomwelo limakokera filimu yonse kumbuyo, maso akuona kutsogolo makutu akumva kunkhongo.

Kukonza kwake n'kosavuta. Ampulifaya zambiri, ndiponso gawo la Room Correction mu Realtek, zimafunsa mtunda wa sipika iliyonse. Pimani ndi tepi kuchokera pamene pamakhala mutu wanu, lembani manambala enieni. Makinawo sangafulumizitse sipika yakutali, ndiye amachedwetsa zapafupi kuti zonse zifike pamodzi. Za mphamvu, bwererani pa mmsys.cpl, Properties, Levels, kenako Balance, pamene tchanelo iliyonse ili ndi muyezo wakewake. Ikani foni yokhala ndi pulogalamu yoyeza ma decibel pamene pamakhala mutu wanu, lizani masipika imodziimodzi, muzisintha mpaka manambala afanane. Mapulogalamu a pafoniwa nambala yeniyeni amaiphonya, koma poyerekeza sipika ina ndi inzake amakwanira. Ndi bwino kutsitsa zaphokoso kusiyana ndi kukweza zofooka mpaka kumapeto.

Subwoofer ndi chipinda chanu

N'chifukwa chiyani masipika ena ndi asanu koma subwoofer ndi imodzi? Yankho talipeza kale. Pa ma hertz 80 wavelength ndi mamita 4.3, ndipo m'chipinda makutu amavutika kuloza kumene funde lalitali chonchi likuchokera. N'chifukwa chake muyezo wa THX unasankha ma hertz 80 kukhala malire, amene amati crossover: zotsika kuposa apo zipite ku subwoofer, zokwera zipite ku masipika enawo. Timasipika tating'ono ta padesiki sititha kutsika mpaka 80, ndiye malire ake amakhala okwererapo, mwina 100 kapena 120. M'masipika ambiri a kompyuta kugawaku kumachitikira m'bokosi la subwoofer momwemo. Ngati anu satero, pa Configure paja chotsani chizindikiro pa Full-range speakers ndipo yatsani Bass Management. Mukatumiza besi yamphamvu ku kasipika kakang'ono kamangopwepwera, ndipo mukalimbikira kamapsa.

Ena amamva zimenezi n'kunena kuti ndiye subwoofer ikhoza kukhala paliponse. Ayi ndithu. Makutu saloza kumene ili, koma chipinda chimasamala kumene ili. Funde likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake, n'kupanga standing wave, monga mu chitoliro chotseka mbali zonse. Frequency yoyamba imapezeka ndi f = v/2L. Chipinda chotalika mamita 4 chimapereka 343 kugawa ndi 8, pafupifupi ma hertz 43. Apa samalani, chifukwa ambiri amasokonezeka. M'buku mwanu pakhoma ndi pa node, poti mpweya sungayende pamenepo. N'zoona. Koma pomwepo ndi pamene pressure imasintha kwambiri, ndipo khutu limamva pressure. Choncho pakhoma ndi m'makona besi imagunda kwambiri, pakati pa chipinda noti yomweyo imatsala pang'ono kusowa. N'chifukwa chake inu muli pakati mukudandaula kuti besi ilibe mphamvu, agogo ali pakona akuti mtima ukugwedezeka. Nonse mukunena zoona. Pimani chipinda chanu m'litali ndi m'lifupi, muwerengere ma frequency awiriwo, kenako lizani nyimbo ya besi muziyenda pang'onopang'ono kuchokera kukhoma kupita pakati. Mumva nokha.

Njira yopezera malo abwino ndi yochititsa manyazi pang'ono, koma imagwira. Ikani subwoofer pampando pamene mumakhala. Lizani nyimbo imene besi yake imakwera ndi kutsika. Ndiye kwawani m'mbali mwa makoma, mutu uli pafupi ndi pansi, mukumvetsera. Pamene manoti onse akumveka mofanana, popanda ina yogunda mopitirira kapena yosowa, ikani subwoofer pamenepo. Zimatheka chifukwa njira ya phokoso imagwira mofanana mbali zonse ziwiri: mukasinthanitsa malo a sipika ndi a khutu, chomveka sichisintha.

Besi imasowanso chifukwa cha mawaya otembenuka. Pa masipika olumikiza ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, mukatembenuza pa sipika imodzi yokha, pepala lake limakankhira kunja pamene la inzake likukokera mkati. Compression ikukumana ndi rarefaction, ndiyo destructive interference imeneyo. Besi imafooka, ndipo woimba samveka pakati, amakhala ngati ali paliponse komanso palibe. Ngati mawaya alibe zizindikiro, chotsani sipikayo ku ampulifaya kaye, kenako gunditsani mawaya ake ku batire la tochi la 1.5 V kwa kanthawi kochepa. Pepala likatulukira kunja, waya amene ali ku + ya batire ndiye wofiira. Ma subwoofer ena ali ndi switchi yolembedwa 0 ndi 180. Yesani mbali zonse muli pampando wanu, musiye kumene besi ikumveka yodzaza.

Njuchi zija

Kulira kosalekeza kotsika kuja nthawi zambiri ndi magetsi. Magetsi a m'nyumba ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye mumamva ma hertz 50 pamodzi ndi ana ake, 100 ndi 150. Ku America akanamva 60. Zulani chingwe cha phokoso kumbuyo kwa subwoofer. Kulirako kukapitirira, vuto lili m'bokosimo. Kukasiya, ndiye kuti kumalowera pa chingwe, ndipo kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti kompyuta ndi masipika zili pa masoketi osiyana, ndiye kamphamvu kochepa kamayenda pa chingwe cha phokoso pakati pa ziwirizo. Amati ground loop. Lumikizani zonse pa ekisitenshoni imodzi, ndipo zingwe za phokoso zisayende mopiringizana ndi za magetsi. Pa laputopu zulani tchaja muone ngati kusiya. Palinso kachipangizo kotchedwa ground loop isolator koika pa chingwe.

Zinthu ziwiri musachite, ndipo apa sindikuseka. Musathyole kapena kuchotsa mwendo wachitatu wa pulagi, wa earth uja, ngakhale wina akuuzeni kuti kulira kusiya. Mwendo umenewo ndi umene umateteza munthu waya wamoto akakhudza chitsulo cha bokosi. Ndipo musatsegule subwoofer. Ma capacitor a mkatimo amasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri.

Kulira kwina kwa "tititi-titi" kumene kumabwera foni isanaitane si vuto la masipika. Foni ikakhala pa netiweki ya 2G imatumiza mauthenga modukizadukiza ka 217 pa sekondi, ndipo zingwe zimatola ngati eriyo. Ichotseni padesiki.

Voliyumu

Mkati mwa khutu, mu cochlea, muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Mwa munthu timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu angamvetsere ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo kwa ana muyezo wake ndi 75. Mukawonjezera ma decibel 3 okha mphamvu imawirikiza, nthawi yotetezeka n'kutsika ndi theka: pa 83 ndi maola 20, pa 86 ndi maola 10, pa 92 ndi maola awiri ndi theka pa sabata yonse. Bungwe lomweli limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvetseredwe kotere. Makutu akamalira okha filimu itatha, ndiye kuti mwapitirira.

Chimene chimakwezetsa voliyumu kawirikawiri ndi zolankhula zosamveka zija. Munthu amakweza kuti amve mawu, kenako bomba likaphulika nyumba yonse imadzuka. Koma tsopano mukudziwa kumene mawu amakhala. Pitani pa Balance, kwezani tchanelo yapakati yokha ndi ma decibel awiri kapena atatu, voliyumu yaikulu muitsitse. Onetsetsani kuti sipika yapakatiyo sinabisike kuseri kwa sikirini kapena mkati mwa shelefu, iloze kumaso kwanu. Usiku yatsani Loudness Equalization pa Enhancements, imene imakweza zonong'ona n'kutsitsa zophulika. Mukamaliza, lankhulani ndi munthu amene wakhala pafupi nanu, pa mtunda wa mkono umodzi, filimu ili mkati. Ngati mukufunika kukuwa kuti akumveni, tsitsaninso.